Vaneti Yakale Ipezanso Magiya Ake

Loweruka lina m'mwezi wa Juni 2024, ndisanasukusule n'komwe, lamya yanga inalira. Anali muphwa wanga, mwana wachisamba wa mlongo wanga wa ku Kabwata, ndipo mawu ake anali onjenjemera. "Amalume, bwerani msanga. Galimoto yatikanira pa mlatho." Mnyamatayu anali atalawirira ku msika wa Soweto kukapikula matimati ndi kabichi. Atadutsa pa Kafue Roundabout nayamba kukwera mlatho wodumpha njanji mu Independence Avenue, mzere wa magalimoto unaima. Pamene unayambanso kuyenda, iye anaponda kilatchi nafuna giya yoyamba, koma ndodo ya giya inangozungulira m'dzanja mwake ngati mthiko mumphika wa phala. Inakalowa mu giya yachitatu, injini inatsamwa n'kuzima, ndipo vaneti yodzaza katundu inayamba kubwerera m'mbuyo kulunjika minibasi imene inali kumutsata. Mwamwayi buleki inagwira. Anyamata oitanira mabasi, amene kuno timawatcha ang'wang'wazi, anathandiza kuikankhira pambali, uku akumunyodola.

Mwina ena a inu, okondedwa awerengi, mukudabwa kuti nkhani ya chitsulo yapeza bwanji malo m'nyuzi ya mabanja. Lolani ndikuuzeni za galimotoyo poyamba. Ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya magiya asanu, yopangidwa m'chaka cha 1989. Malemu mlamu wanga anaigula yogwirapo kale ntchito mu 1997, ndi ndalama zimene analandira itatsekedwa kampani ya boma kumene iye ankagwira ntchito. Zaka zimenezo zinali zowawa. Zambia Airways inatha mu Disembala 1994, mabasi a UBZ anatsatira mu 1995, ndipo amuna ambiri amene anazolowera malipiro a pamwezi anapezeka atakhala pakhonde masana. Ochenjera anagula minibasi kapena vaneti ndalama zisanathere ku mowa. Mlamu wanga anali mmodzi wa iwo.

Atamwalira mu 2011, achibale ena akuchimuna anafika pamaliro maso ali pa makiyi. Ine, monga mwini mbumba, ndinayenera kuwakumbutsa lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: theka ndi la ana, magawo 20 pa 100 ndi a mkazi wamasiye, 20 a makolo, 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Vaneti inatsala pakhomo. Kuyambira pamenepo yalipira sukulu ana atatu. M'mawa imatuta ndiwo zamasamba zimene mlongo wanga amagulitsa, masana imapereka manyowa ndi dothi lakuda ku nyumba za maluwa za ku Woodlands ndi Kabulonga, ndipo pakagwa zovuta m'dera lathu, ndiyo imanyamula nkhuni, mipando ndi amayi oimba kupita ku manda a Leopards Hill. Ikaima sabata imodzi, mphika wa banja lonse umaimanso.

Kunena zoona, matendawa sanayambe tsiku limenelo. Kwa chaka chathunthu ndodoyo inkagwedera, ndipo muphwa wanga anali ataphunzira kuinyengerera, kuikokera pang'ono kumanzere ndi kuikankha mokhota mpaka giya italowa. Iye ankayesa luso. Ife tonse tinkaona, koma popeza galimoto inali kuyenda, panalibe amene anafuna kudzutsa nkhani ya ndalama.

Lolemba tinaikokera ku galaja ina m'tauni. Mnyamata wa ovolosi yoyera bwino anagwedeza ndodoyo kawiri, osatsegula kanthu, nagamula kuti giyabokosi yatha, tigule ina yochokera m'galimoto yophwasulidwa. Mtengo umene anatchula unali woposa phindu la mlongo wanga la miyezi inayi. Chaka chimenecho chinali cha chilala. Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka la njala, ndipo mayi athu okalamba ku Katete, amene zaka zonse amatitumizira chimanga, tsopano ankayembekeza ufa kuchokera kwa ife. Madzulo ake mlongo wanga anandiuza mosabisa: "Achimwene, tingoigulitsa kwa ophwasula. Ndatopa nayo." Ndinapempha kuti andipatse sabata imodzi. Paja safunsa anadya phula.

Pansi pa mtengo wa mango ku Chelstone

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandilozera kwa bambo wachikulire wa ku Chelstone, chapafupi ndi thanki yaitali ya madzi ija. Alibe chikwangwani. Galaja yawo ndi mthunzi wa mango, bokosi la masipanala ndi tebulo la chitsulo. Anaphunzira umakanika m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuti mumvetse manja a anthu otere muyenera kukumbukira nthawi imene anakhwimira. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anasowa nazo pamodzi. Ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat, koma munthu ankatha kukhala miyezi akufunafuna kachitsulo kamodzi. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni, kwacha inagwa, ndipo zinthu zakunja zinakwera mosaneneka. Amakanika a nthawi imeneyo ankasema mabushi ku matayala akale ndi kudula magasiketi ku makatoni. Chitsulo sankachitaya asanachifunse kuti chalakwa pati. Misika itatsegulidwa pambuyo pa 1991, magalimoto ogwirapo kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa pa Chirundu ndi pa Nakonde, ambiri a iwo osintha magiya okha, ndipo kunabadwa mbadwo wa amakanika odziwa kumasula chinthu chonse n'kuikapo china. Sindikuwanyoza anawa, akuchita zimene nthawi yawo yawaphunzitsa.

Bamboyo sanafulumire. Anakhala pampando wa dalaivala injini ili yozima, nalowetsa giya iliyonse payokha. Ngakhale giya italowa, ndodo inkayenda uku ndi uku kutalika kwa chikhatho. Kenaka analiza injini, naponda kilatchi, nalowetsa livesi: inalowa mwakachetechete. Anayendetsa galimoto mpaka ku Great East Road n'kubwerera, khutu lili tcheru. Potsika anati, "Aphunzitsi, giyabokosi iyi ndi yamoyo. Chadwala ndi khosi, osati mimba."

Anatifotokozera mmene amasiyanitsira matenda, ndipo ndikuganiza kuti aliyense wokhala ndi galimoto yosintha magiya ndi dzanja apindula nazo. Ngati magiya onse alowa bwino injini itazima, koma akukuta mano ikalira, makamaka livesi, vuto lili ku kilatchi: siikulekanitsa bwino injini ndi giyabokosi, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi kuchepa kwa mafuta ake kapena kutha kwa timalabala ta m'masilinda ake. Ngati ikukuta giya imodzi yokha, monga yachiwiri, ndiye kuti yatha mphete yachikasu imene amakanika amaitcha sinkilo, imene ntchito yake ndi kufananitsa liwiro la magiya awiri asanalumane. Ngati mukumva kulira kosalekeza m'magiya ena koma kumachepa mu giya yachinayi, kayikirani mabeling'i, pakuti mu giya yachinayi mphamvu imangodutsa molunjika. Matenda a sinkilo ndi a mabeling'i amafuna kutsitsa giyabokosi pansi. Koma ngati ndodo ingogwedera, giya n'kumasochera, popanda phokoso, yambani mwayang'ana pamwamba pomwe, pamene ndodo yakhazikika. Pamenepo pamafikika munthu ali m'kati mwa galimoto, popanda jeke.

Mtsuko ndi nkhata yake

Ndodo ya giya imagwira ntchito monga mpini wa mjigo. Mbali yaitali ndi imene ili m'dzanja lanu, mbali yaifupi yabisika pansi, ndipo pakati pali mpira wachitsulo umene ndodo imatembenukirapo. Mpirawo umakhala pa mphete ya labala yolimba, monga mtsuko ukhalira pa nkhata. M'mbali mwake muli timipata tiwiri mmene mumalowa timisomali tiwiri ta chipanda chake, toletsa ndodo kupotoloka. Kunsonga kwenikweni kuli kampira kena kakang'ono kovala kachipewa ka nayiloni, kosaposa chala chachikulu, ndipo kameneka ndiko kamalowa m'kamwa mwa chitsulo chosankha magiya. Mukakankhira ndodo kumanzere kapena kumanja, mukusankha mzere: wa giya yoyamba ndi yachiwiri, wa yachitatu ndi yachinayi, kapena wa yachisanu ndi livesi. Mukaikankhira kutsogolo kapena kumbuyo, mukusuntha mphanda yachitsulo imene imakankha mphete yolumanitsa giya ndi shafiti.

Tsono popeza mbali ya pamwamba ndi yaitali kangapo kuposa ya pansi, kutha kwa milimita imodzi kunsonga kumasanduka mamilimita ambiri kudzanja. Nkhata ikaphwanyika, mpira umamira, nsonga imaphonya pakamwa pake, ndipo dalaivala amene akufuna giya yoyamba amapezeka ali mu yachitatu. Choopsa china n'chakuti giya imatha kulowa mwatheka, n'kudzatuluka yokha galimoto ili pa liwiro. Bamboyo anatikumbutsa za Peugeot 404, vaneti imene inatchuka kuno kale, imene ndodo yake inali pa chiwongolero: kuchokera pamenepo mpaka ku giyabokosi panali timikono tachitsulo tambiri, kalikonse ndi kabushi kake, ndipo tikatha tonse, kupeza livesi kunali ngati kuombeza. Ya Hilux ndi yosavuta chifukwa ndodo imalowa m'giyabokosi mwachindunji.

Ntchito inayamba Lachitatu m'mawa. Anaimika galimoto pamalo osalala, naika miyala kumatayala, giya ili pa nyutulo. Anapotokola mutu wa ndodo, namasula masikuluwu a chikopa chophimba pansi. Pansi pake panali labala ina yaing'ono yotchinga fumbi, ndipo inali yong'ambika kuyambira kalekale. Apa ndi pamene panalowera mdani. Fumbi la Lusaka la mwezi wa Okutobala ndi matope a m'dzinja zinasakanizika ndi girisi n'kukhala ngati mchenga wotsukira mapoto, ndipo zinakhala zikupera zitsulo pa kusintha giya kulikonse. Asanatsegule kanthu, anauza muphwa wanga kuti apukute malo onsewo ndi burashi ndi nsanza ya palafini, pakuti dothi limene lingagwere m'kati silitulukanso.

Chotsekera cha ndodo chimamasuka mwa njira yakeyake: umachiphimba ndi nsanza, n'kuchikanikiza pansi ndi zala kulimbana ndi sipuling'i, kenaka n'kuchipotoza kumanzere. Wosadziwa amachimenya ndi hamala nachiwononga. Ndodo inazuka, ndipo tonse tinasuzumira. Nkhata ija kunalibe. Kunatsala zinyenyeswa zakuda ngati makala otakasuka, ndipo kachipewa ka nayiloni kanali katang'ambika pakati, theka lili kunsonga, theka lagwera pambali. Bamboyo anatseka dzenje ndi nsanza yoyera, natola zinyenyeswazo chimodzichimodzi ndi kawaya kopinda ndi kapulayazi. Panapita ola lathunthu. Muphwa wanga atayamba kuusa moyo, iwo anangoti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha," osatukula mutu.

Atatero anamasula mabawuti a chipanda chonse, nachitsuka m'beseni la palafini. Timisomali tiwiri tija tinali titadyeka mbali imodzi, ndipo kamodzi kankagwedera m'dzenje mwake. Masipuling'i a m'mbali, amene amabwezera ndodo pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi ukaileka, anali ofooka, ina yothyoka. Chilichonse chimene anamasula anachiyala pa katoni motsatana, cha kumanzere kumanzere, cha kumanja kumanja, chifukwa m'magiyabokosi ena ziwirizi sizifanana mphamvu, ndipo ukazisinthanitsa ndodo imakokera kolakwika.

Lachinayi linali tsiku langa loyenda. Ananditumiza m'tauni ndi zidutswa zakale m'kathumba, nandilangiza kuti ndisagule kanthu osakayerekeza ndi kakale. Ndinayendera masitolo a masipeya a mu Panganani Road ndi a mu Freedom Way. Nkhata ndinaipeza ya mitundu iwiri. Ina inali m'pepala lokongola, yotsika mtengo, koma poifinya inali yofewa ngati chingamu. Ina inali yokwererapo, yolimba bwino. Chikomekome cha mkuyu. Labala wamba akakumana ndi oyilo wotentha amafufuma n'kusungunuka, choncho ndinatenga yolimbayo. Labala yotchinga fumbi, masipuling'i ndi pepala la gasiketi sizinavute. Koma kachipewa ka nayiloni ka muyeso wathu kanasowa ponseponse. Timene ndinapeza tinali tatikulu.

Bamboyo sanadandaule. Anandilembera miyeso papepala nanditumiza kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo ku dera la mafakitale aang'ono, kuti akaseme kachipewako ku ndodo ya nayiloni, ndiponso timisomali tiwiri tatsopano. Ntchito yake inali ya mphindi makumi atatu, koma tinaidikira masiku awiri. Madzi anali atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mmisiriyo ankagona pa shopu kuti akayaka pakati pa usiku adzuke n'kugwira ntchito. Ndinatenga tizidutswato Loweruka m'mawa. Tonse pamodzi tinakwana m'thumba la malaya.

Pomanga, anakhomera timisomali tatsopano m'malo mwake, nadula gasiketi poika pepala pa chipanda ndi kugogoda m'mphepete ndi hamala yaing'ono mpaka chithunzi chitatuluka chokha. Mabawuti anawamanga mopingasa, pang'onopang'ono, chifukwa chipandacho ndi cha aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kupululuka. Kachipewa anakaviika m'madzi otentha kuti kafewe, nakakanikizira kunsonga mpaka kanalira kuti thapu. Nkhata anaikhazika moyang'ana bwino mbali yake, napaka girisi pa mpira, wochepa chabe. Ndodo inatsika m'malo mwake, chotsekera anachikanikiza n'kuchipotoza kumanja, ndipo asanabwezere zophimba anayesa magiya onse injini ili yozima. Ndodo imene inkayenda chikhatho chonse tsopano inkangosuntha pang'ono, ndipo ukaileka pa nyutulo inkabwerera yokha pakati.

Sanalekere pomwepo. Popeza zinyenyeswa zina zinali zitagwera m'kati pa zaka zonsezi, anati oyilo asinthidwe. Pano pali phunziro lina: yambani mwamasula bawuti yothirira, ya m'mbali, musanamasule yokhetsera ya pansi, kuopa kukhetsa oyilo yense kenaka n'kupeza kuti yothirira yakana kumasuka. Oyilo amene anatuluka anali wakuda, wochepa, ndipo muphwa wanga anavomera mwamanyazi kuti chiyambire kuyendetsa sanamusinthepo. Pa maginito a bawuti ya pansi panali utuchi wosalala wachitsulo, umene bamboyo anati ndi wa ukalamba chabe; chimene ankaopa ndi zibenthu za mano, ndipo panalibe. Anathira oyilo wa magiya wa 80W-90, malita awiri ndi pang'ono, kufikira atayamba kudontha pa dzenje lothirira.

Poyesa galimoto anakhazika muphwa wanga pa chiwongolero, iwo ali pambali, ine pakati ngati katundu. Tisanafike pa Munali anali atamumenya kale padzanja kawiri. Mnyamatayu ali ndi chizolowezi chogoneka dzanja pa ndodo ya giya poyenda, ndipo kulemera kwa dzanjalo kumakanikiza mphanda pa mphete imene ikuzungulira, n'kumaidya pang'onopang'ono. Anamuletsanso kulowetsa livesi galimoto isanaimiretu, pakuti livesi ya magiyabokosi akalewa ilibe sinkilo. Anatiuza kuti madalaivala a malole akale ankaponda kilatchi kawiri pa giya iliyonse, kufananitsa liwiro ndi khutu. Sinkilo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Cadillac ku America mu 1928, ndipo inatenga zaka zambiri kuti ifike m'malole. Iwo amaonabe kuti dalaivala amene sanaphunzire kuponda kawiri sanamalize sukulu. Pamenepa ndiye sindinavomerezane nawo kwenikweni, koma ndinakhala chete.

Zonse pamodzi, masipeya, mmisiri, oyilo ndi thukuta la bamboyo, sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo umene tinauzidwa m'tauni. Mlongo wanga atabwera kudzalipira anawonjezera nkhuku ndi dengu la matimati. Bamboyo analandira ndi manja awiri, koma anamuchenjeza: "Amayi, sindinakupatseni galimoto yatsopano. Sinkilo ya giya yachiwiri yayamba kutopa. Muziika kangachepe pambali mwezi ndi mwezi, kuti tsiku lotsitsa giyabokosi likadzafika lisadzakupezeni manja ali m'khosi."

Kumapeto kwa Julayi tinanyamuka ulendo wa ku Katete ndi matumba a ufa, mchere ndi mafuta ophikira. Amene amayenda mu Great East Road akudziwa mapiri a Manenekela, musanafike pa mlatho wa Luangwa, pamene msewu umatsika mokhotakhota phompho lili pambali. Galimoto yolemera siitsika pamenepo ndi buleki yokha, chifukwa buleki ikatentha imaleka kugwira. Imatsika ndi giya yaing'ono, injini ikuigwira kumbuyo. Giya ikatuluka yokha pamalo otere, otsala amakamva kunyumba. Muphwa wanga analowetsa yachitatu pamwamba pa phiri, nabwezera manja onse awiri pa chiwongolero. Ine maso anga anali pa ndodo ija njira yonse. Inkanjenjemera pang'ono ndi kulira kwa injini, koma sinasunthe mpaka tinafika pansi. Pa Luangwa tinaima kugula nsomba zouma za agogo ake, ndipo tinalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu pa mitengo.

Vanetiyo ikugwirabe ntchito. M'mawa kukazizira giya yachiwiri imakukuta pang'ono mpaka oyilo atatenthera, ndipo muphwa wanga, amene ankaseka nkhani ya kuponda kilatchi kawiri, tsopano amaponda kawiri kuyambira pa geti mpaka mu Burma Road. Mlongo wanga ali ndi chitini cha sinkilo pamwamba pa kabati. Kachipewa kakale kong'ambika kaja anakasunga m'chitini momwemo.